Nkhope ya Masaya pa Makoma a Eni

14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kuno tilipo, ine ndi alamu anu, ndipo mwana chimfine chija chinatha, wangotsala ndi kachifuwa ka m'mawa. Uthenga wanu ndinaulandira Lachiwiri pamodzi ndi chithunzi. Sindinayankhe pa foni chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, komanso masiku ano foni sindikuikhulupirira. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole uja amene anakubweretserani kabati ya malemu mayi. Akuti adutsa kwanuko Loweruka.

Mafunso anu anali awiri. Loyamba, ngati mwana amene ali pa koini ija ndi Masaya wathu. Ndi yemweyo. Lachiwiri, kuti ndikuuzeni kaguliridwe kake, popeza mwati azakhali sangatsalire pa ndalama ya mwana wawo. Musagule. Ndikanathera pomwepa, koma ndili ndi pempho, ndipo simungalimvetse ndisanakuuzeni zimene ndinachita.

Ntchito yanga sinasinthe, ndimamata maposita. Kosindikiza kuja akalandira oda amandiitana, ine n'kutenga ndowa ndi bulashi n'kumazungulira m'misewu. Chimene chimandipezetsa ntchito ndi guluu wanga. Anzanga amangosungunula ufa wa tirigu m'madzi ozizira, mvula ikagwa kawiri pepala lili pansi. Ine ndimauphika, ndimathiramo shuga pang'ono ndi guluu wa akalipentala, ndipo ndimapaka kawiri, pakhoma ndi pamwamba pa pepala. Pali maposita a sukulu ina ya madalaivala amene ndinamata Masaya asanabadwe. Sukuluyo inatsekedwa kalekale, maposita alipobe. Ndakufotokozerani za guluuyu chifukwa ndi amene wandigwira.

M'mwezi wa Meyi kosindikiza kunabwera bambo wina kudzafunsa munthu amene maposita ake sagwa. Amamutchula Jekete, chifukwa jekete savula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ananditengera ku ofesi yake, zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya matayala. Mipando inali yatsopano, mapulasitiki osachotsa. Anali atatu: a Jekete, bambo wa makompyuta amene salankhulalankhula, ndi mayi wina wojambula zithunzi. Anandiuza kuti akukhazikitsa koini. Mmene ndinamvera ine, koini ndi ndalama yopanda pepala ndi chitsulo. Amaipanga pa kompyuta, anthu amagula pa foni, ogula akachuluka mtengo umakwera, akayamba kugulitsa umatsika. Ndinafunsa kuti nanga amaisunga kuti. A Jekete anati, "Akulu, mawu amene mumalankhula pa foni amasungidwa kuti? Koma mumawalipira tsiku ndi tsiku." Ndinasiya kufunsa. Ine ndinapitira kumata.

Vuto lawo linali nkhope. Akuti makoini alipo ambirimbiri, ndiye yatsopano imafuna nkhope yoti munthu aime. Ena anaika galu, ena chule. Iwo anayamba ndi mkango wovala magalasi. Ndinamata mikango zana limodzi, ndipo ndinkaima chapatali kuona ngati wina acheuka. Anacheuka ndi mwini khoma yekha, kudzafunsa amene wandipatsa chilolezo.

Tsiku lina alamu anu anapita kukazulitsa dzino, ndiye mwana ndinapita naye ku ofesi kukatenga mapepala. Ndinamukhazika pansi ndi chivundikiro cha ndowa kuti azisewera. Mukumudziwa mmene amasekera, masaya kukwera mpaka maso kutsekeka. Wojambula uja anamujambula, n'kuika chithunzicho m'gulupu yawo ya pa foni, akuti mocheza chabe. Ndisanamalize kumanga mitolo, a Jekete anatuluka m'chipinda foni ili m'manja. Anati, "Mkango wathu wa masabata atatu walumidwa ndi mwana wa mano awiri. Dzina lake ndani?" Ndinawauza dzina la kunyumba, chifukwa ndi limene linabwera pakamwa.

Mawa lake panali pepala loti ndisaine. Masamba atatu, Chingerezi chokhachokha, malemba ang'onoang'ono. Sukulu ndinalekezera pamene mukudziwa. Ndinaona dzina langa ndi la mwana kuti alemba bwino. A Jekete anafunsa chimene ndikufuna, ine ndinati makwerero a aluminiyamu, chifukwa amatabwa amene ndinkabwereka anali othyoka masitepe awiri. Anaseka mpaka kutsokomola, anati makwerero ndipeza, ndipo andiikiranso makoini m'foni kuti mwana adzapite ku yunivesite pa galimoto yake. Ndinasaina. Makwerero anabwera tsiku lomwelo, ndi abwino, amapindika pawiri.

Alamu anu sindinawauze. Sikuti ndinkabisa kwenikweni. Tsaya lawo linali lotupa, ndinati ndidikire litsike, kenako ntchito inachuluka. Anasindikiza maposita mazana anayi, nkhope ya mwana yaikulu ngati thayala la njinga, pansi pake dzina la koini. Ndinaphika guluu wabwino kuposa masiku onse. Ndinaganiza kuti mwana wanga asapezeke m'ngalande anthu akumuponda. Ndinamata ndekha onse, ndipo khoma lililonse ndinalilemba m'kope, monga ndimachitira kuti eni ntchito akayendere.

Alamu anuwo anawaona okha mapositawo ali m'basi, akuchokera kumsika. Atafika kunyumba anatsitsa mwana kumsana, anamusambitsa, anamugoneka, ndiye n'kudzakhala pa mpando moyang'anana nane.

"Bambo a Masaya, mwana wanga wafika kusiteji ine ndisanafike. Anapita ndi ndani?"

Ndinafotokoza zonse, za yunivesite zomwe.

"Munafunsa ndani?"

Ndinati palibe.

"Anakupatsani chiyani?"

Ndinaloza makwerero, anali atatsamira kuseri kwa chitseko. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndi aatali ndithu."

Tsiku lokhazikitsa koini anachita lendi holo ya hotela. Alamu anu anakana kupita, koma pepala lija linati mwana azipezeka pa zochitika, ndiye ndinapita naye ine. Anthu anadzaza, ambiri atavala matisheti a nkhope yake. Kutsogolo kunali sikirini yaikulu yokhala ndi mzere wobiriwira, ndipo mzerewo ukakwera anthu ankaimirira. A Jekete analankhula ola lathunthu. Anati koini iyi ndi khanda, amene aigule lero adzadya nayo ikakula, ndipo kholo labwino siligulitsa mwana. Anthu anawomba m'manja kwambiri pamenepo. Ine ndinali nditakhala pa mzere woyamba, ndinawomba nawo.

Kenako anamutenga m'manja mwanga kuti ajambulitse naye kamodzi. Anabwerera patatha mphindi makumi anayi. Ndinkamuona akuyenda pamwamba pa mitu, uyu kupatsira uyu, aliyense foni m'mwamba. Atayamba kulira, a Jekete ananena pa maikolofoni kuti abwana akufuna mtengo ukwere msanga, holo yonse n'kuseka. Nsapato imodzi sinapezeke. Chimfine chija anachitenga kumeneko.

Pa tsiku limenelo panayambika kachizolowezi kena. Wina anamugwira tsaya asanagule, mtengo n'kukwera, basi nkhani inafala m'gulupu kuti musanagule gwirani masaya. Anthu anayamba kusisita maposita. Mukapita pa khoma la pafupi ndi msika, mwana masaya ake ndi akuda ndi zala. Pakhoma zinalibe kanthu. Koma ena anayamba kumuzindikira mwini wake. Mayi wogulitsa sopo pa kona anamutsina. Kondakitala anamutsina. Alamu anu ankabwera kunyumba mwana masaya ali psuu, iye osadziwa chimene walakwa.

Za mizere ya pa sikirini ine sindizidziwa, Achemwali, koma ndimadziwa makoma. M'mwezi wa Julaye a Jekete anandituma kukhoma chikwangwani cha ofesi pamwamba pa khomo. Ndinabwera ndi chobowolera ndi masikuluu. Anati ayi, ingomangani ndi waya, mwini nyumba safuna mabowo. Mwini nyumba ameneyo khoma lake lili ndi mabowo ngati sefa. Sabata yotsatira ndinaona kuti mapulasitiki a pa mipando sanachotsedwebe, ndipo pansi pa mpando uliwonse pali kapepala ka kampani yobwereketsa. Kosindikiza anandiuza kuti oda ya mwezi wamawa aichotsa. Kenako ndinapeza wojambula uja akukonza chithunzi cha tambala wovala chipewa. Atandiona anatembenuza kompyuta. Tsiku lomwelo a Jekete anandifunsa ngati ndingathe kuphika guluu wofooka, woti pepala lizichoka pakatha mwezi umodzi. Munthu amene akufuna kukhala safunsa funso limenelo.

Mzere wa mtengo uja unasanduka wofiira pa 29 Julaye. Akuti amene anali ndi makoini ambiri anagulitsa tsiku limodzi. Sindikudziwa kuti ndi ndani, ndipo sindinena zimene sindinaone. Zimene ndinaona ndi izi. Pa khoma la kumsika wina anakolowola maso a mwana ndi msomali. Pa mlatho wina analemba pachipumi pake ndi makala kuti wakuba. Pa khoma la sukulu anamujambula nyanga. A Jekete nkhope yawo palibe pa posita ngakhale imodzi. Ya bambo wa makompyuta palibe. Yanga palibe.

Lachinayi lapitalo tinapita naye kusikelo. Tili pa mzere, bambo wina amene anabwera ndi mapasa anakhala akumuyang'ana. Sanakalipe ayi. Anangosendera pafupi n'kufunsa, "Si ameneyu?"

Alamu anu anati, "Ndani?"

"Abwana athu. Ndinagulitsa makina osokera chifukwa cha masaya amenewa." Anawerama n'kumuyang'ana kumaso. "Waseka. Akuseka ndithu, taonani."

Mwanayo ankasekadi, chifukwa amasekera aliyense. Amayi a pa mzere anayamba kucheuka, ena kutulutsa mafoni. Alamu anu anamuphimba ndi nsalu kumutu, tinatuluka asanamuyeze. Titafika pakhomo anati, "Munamata nokha, mukamatule nokha. Mwanayu satulukanso pa geti mpaka nkhope yake itachoka m'tauni muno."

Ndinapita kwa a Jekete kukapempha kuti amuchotse, pa foni ndi paliponse. Ndinawapeza akutsitsa mipando. Anandilandira bwino, anandipatsa ndi madzi. Anatulutsa pepala lija n'kundiwerengera tsamba lachitatu m'Chichewa. Akuti ndinapereka chithunzicho kwamuyaya, m'maiko onse. Anati, "Akulu, ngakhale nditafuna, nkhope imeneyi si yanga, si yanunso. Ndi ya gulu. Ili m'mafoni a anthu amene ine sindidzawaona." Kenako anafunsa ngati makwerero akugwira bwino ntchito. Ndinati akugwira.

Za m'mafoni ndinazisiya, chifukwa dzanja langa silifikako. Ndinatenga kope lija, ndowa ya madzi otentha ndi chopalira, ndinayamba ndi khoma la kumsika. Apa ndi pamene guluu wanga anandionetsa. Posita imodzi inanditengera pafupifupi ola. Pepala silichoka, limangonyenyeka, ndipo likachoka limatenga penti ya mwini. Wa shopu ya zitsulo ananditulukira ndi ndodo ya mopu, akuti ndimupentere khoma lonse. Komanso pamene ukupala, anthu amaima n'kumafunsa kuti iwe ndiwe ndani wa mwanayu. Tsiku lonse ndinachotsa asanu ndi awiri. Ndinawerengera kuti pa liwiro limenelo ndidzamaliza mwana atayamba kulankhula.

Njira ndinaipeza Lolemba. Chimene sichimatuka chimaphimbika. Ndinapita kosindikiza n'kuwauza kuti oda iliyonse imene ibwere andipatse ine, ndimata pa theka la mtengo, bola makoma ndisankhe ndekha. Mwini wake anandiyang'ana, anangonditulutsira mitolo. Tsopano ndili ndi maposita a matiresi otchipa, a mankhwala a makoswe ndi a msonkhano wa mapemphero. Kukula kwake ndi kofanana ndi aja, amakwana ndendende. Imodzi imanditengera mphindi zitatu, ndipo munthu womata posita palibe amamufunsa kanthu.

Kachitidwe kake ndi kameneka. Pepala latsopano siligwira pa lakale ngati sunanyowetse lakalelo bwinobwino, ndiye ndimayamba ndapaka guluu pankhope yonse. Ndimayambira pa masaya, chifukwa mafuta a zala za anthu amakana guluu, pamafunika kubwereza. Kenako pachipumi, kenako pamaso. Akanyowa, mitundu imawala ngati tsiku limene anatuluka m'makina. Ndiye ndimaika matiresi pamwamba, n'kusalaza kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke. Ndikamaliza ndimadula mzere m'kope. Pofika lero ndaphimba 260. Amakoswe ndimayesetsa kuwaika pa makoma ena opanda iye, koma nthawi zina matiresi amatha.

Tsopano pempho langa. Ngakhale nditamaliza makoma, anthu a kuno amuloweza. Namwino wina amene timakhala naye pafupi anandiuza kuti mwana akayamba kuyenda masaya amatsika, mano akachuluka nkhope imatalika, moti pakatha miyezi itatu kapena inayi safanananso ndi chithunzi chake cha ukhanda. Ndinamufunsa kawiri, anati ndi zoona, wawaona ambiri. Ndiye ndikupempha kuti alamu anu ndi mwana adzakhale kwanuko mpaka asinthe. Kwanuko maposita sanafike, ndikudziwa chifukwa womata ndine. Alamu anu avomera. Kunena zoona ndi iwo anayamba kutchula dzina lanu. Sadzakhala chabe, mukudziwa manja awo pa ntchito, ndipo chakudya cha mwana ndizitumiza ndi dalaivala yemweyu mwezi uliwonse. Ngati alamu kumeneko avomera, muuzeni dalaivalayo pobwerera, iwo anyamuka naye ulendo wotsatira. Malo kutsogolo kwa lole alipo.

Akabwera, pali zinthu zingapo zoti muchite. Chithunzi chija mwaika pa nambala yanu ya foni, chichotseni. Ndikudziwa munaika chifukwa chomunyadira, inenso ndinachita chimodzimodzi. Aneba musawauze kuti ndi mwana wa pa koini, ndipo dzina la Masaya mulisiye kaye, muzimuitana dzina lake la pa khadi la kusikelo. Poyamba sadzacheuka, koma azolowera. Ana anu muwauze kuti asamamutsine, ngakhale mwachikondi, chifukwa masiku ano akaona dzanja likubwera kumaso amabisa mutu. Amaopa wailesi ikakwezedwa. Amagona bwino akagwira chinthu chozungulira, ndiye chivundikiro cha ndowa chija ndachitsuka, chikhala m'chikwama. Pano akuima atagwira mwendo wa tebulo, dzulo anasiya dzanja limodzi. Tebulo lanu lija la galasi mulisunthire kukhoma.

Makoini amene anandiikira m'foni musawawerengere. Anandipatsa mawu khumi ndi awiri achinsinsi pa kapepala, akuti ndiwo kiyi. Kapepalako ndinakulungira bulashi tsiku lina mvula itandipeza. Bambo wa makompyuta anati ndisadandaule, zimene zinali m'menemo sizikanagula ngakhale bulashi ina.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuuzani inu nokha. Alamu anu ndinawalonjeza kuti ndiphimba onse mazana anayi, ndipo m'kope mudzaoneka mizere mazana anayi. Koma posita yoyamba ndinaimata tsiku limene ndinkayesa makwerero, pamwamba penipeni pa khoma la nyumba yosungira katundu, moyang'anana ndi siteji imene ndimakwerera basi m'mawa. Ili pansi pa denga, mvula siifika, dzanja la munthu silifikanso. Palibe anaisisita, palibe anailemba. Anthu sayang'ana m'mwamba akamadikira basi, ndawaona, amayang'ana mafoni. Khomalo ndi lovuta, pansi pake pali ngalande, makwerero saima bwino. Ndidzaiphimba ndikapeza munthu wondigwirira. Pakali pano sindinamupeze.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudziwa kuti nyumba ndi yaing'ono ndipo sindidzaiwala. Moni kwa ana onse, wamkuluyo alimbikire sukulu, aziwerenga mpaka tsamba lachitatu. Alamu anu akuti moni, ali apa akupinda zovala za mwana ngakhale yankho lanu lisanabwere. Mwini wake wagona, chala chili m'kamwa.

Akadzayamba kuyenda, musamujambule n'kunditumizira pa foni, ngakhale nditapempha. Mudzangolemba pa pepala tsiku lake, kuti anachoka pati n'kufika pati, ndiponso ngati anagwa. Ndipo masaya akadzatsika mudzandiuze, kuti pokamulandira pa lole ndisadzamupitirire.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Masaya